Amaluka bwino ndikakhala pambali, koma patani ikuwakanika

Funso: Ndimakhala ku Rosettenville, ku Joni, ndipo Loweruka masana ndimaphunzitsa amayi asanu ndi awiri a kumpingo kwathu kuluka crochet. Masitichi monga tcheni, double crochet ndi treble akuwadziwa ndithu, bola ndikhale pafupi n'kumawaonetsa. Ndikawapatsa pepala la patani amangoliyang'ana, ena amati Chingerezi chake n'chovuta. Mmodzi anayesa yekha chipewa cha munthu wamkulu chomwe anachipeza pa foni, chinatuluka kakang'ono kosakwana ndi khanda lomwe. Ndiwaphunzitse bwanji kuti aziwerenga okha?

Yankho: Amayi, amene akuti Chingerezi n'chovutawo muwalimbitse mtima, chifukwa zolembedwa mu patani si Chingerezi chenicheni. Ndi zidule ndi manambala, ndipo ngakhale mzungu wa ku Sandton amene sanagwirepo singano sangamve kuti "3 ch, 2 tr in ring" n'chiyani. Mawu amene munthu woyamba akufunika sapitirira makumi awiri. Chovuta chili poti manja awo anaphunzira poonera manja anu, ndipo palibe chinalumikiza zimene manjawo amachita ndi zimene zili papepala. Ndiye musayambe ndi kuwapatsa patani kuti aluke. Yambani ndi chinthu chomwe aluka kale, achilembe okha.

Chitani motere. Aliyense akhale ndi wulu wa DK (wonenepa mwapakati) wowala, woyera kapena wachikasu, ndi singano ya 4mm. Wakuda, wa navy ndi waubweya wonyankhalala muusiye kaye, sitichi siioneka. Amene maso akuwavuta apatseni chunky, wulu wonenepa uja, ndi singano ya 6mm. Auzeni pakamwa, m'Chichewa, kuti aluke matcheni 16, adumphe tcheni choyamba, alowe m'chachiwiri, aluke double crochet mpaka kumapeto. Akatha, afunseni kuti mwachita chiyani, ndipo zomwe ayankhe muzilembe pa katoni lalikulu monga momwe azinenera. Kenaka pansi pa chiganizo chilichonse lembani chidule chake, iwo akuona:

16 ch.
Row 1: 1 dc in 2nd ch from hook, 1 dc in each ch to end, turn. 15 sts.
Row 2: 1 ch, 1 dc in each st to end, turn. 15 sts.

Munthu akaona kuti mzere woopsa uja ukungonena zomwe wangochita ndi manja ake mphindi zisanu zapitazo, mantha amathera pomwepo. Pa tsiku loyambali aphunzira ch (tcheni), dc (double crochet), st (sitichi), row (mzere), turn (tembenuza) ndi to end (mpaka kumapeto), basi, musawonjezere. Aliyense akhale ndi kope lake momwe azilemba chidule chatsopano ndi tanthauzo lake m'mawu ake, ndipo pambali pake asokerere kachigamba kakang'ono ka sitichiyo. Mndandanda wosindikiza wa zidule makumi asanu umangosungidwa m'chikwama. Zomwe munthu walemba yekha ndi zomwe amazikumbukira.

Pomwepa muwafunse chifukwa chake matcheni 16 abala masitichi 15. Asiyeni akangane kaye. Yankho ndi loti tcheni chomwe anadumpha chija ndi chokwerera, chimapatsa mzere msinkhu. Muwauzenso kuti lupu yomwe ili pa singano siwerengedwa, ngakhalenso mfundo yoyambira ija. Ambiri amene amasokera pa "2nd ch from hook" amakhala ayamba kuwerenga lupu ya pa singano.

Tsopano nkhani imene yasokoneza anthu ambiri kuno ku Joni, ndipo ndikuikayikira pa chipewa chija. Mayina a masitichi alipo a mitundu iwiri, a ku Britain ndi a ku America, ndipo amagwiritsa ntchito mawu omwewo pa masitichi osiyana. Sitichi yaifupi imene inu mumaitcha double crochet, ku America amaitcha single crochet, sc. Yaitali imene inu mumati treble, iwo amati double crochet, dc. Yapakati, half treble kwa inu, ndi half double crochet kwa iwo, hdc. Treble ya ku America ndi double treble ya ku Britain. Tcheni ndi slip stitch (sitichi yolumikizira) zokha ndiye sizisintha. Mapatani ambiri osindikizidwa m'dziko muno, monga timapepala togulitsidwa m'mashopu a wulu, amatsata mayina a ku Britain, pomwe zambiri za pa YouTube, Pinterest ndi Facebook n'za ku America. Choncho mayi amene waphunzira kwa inu kuti dc ndi yaifupi akatsegula foni, amaluka yaifupi pomwe wolembayo amafuna yaitali kuposa pamenepo kawiri.

Aphunzitseni kufufuza asanagwire singano. Akapeza sc kapena hdc pena paliponse, patani ndi ya ku America, chifukwa ku Britain kulibe single crochet. Akapeza htr, chidule cha half treble, ndi ya ku Britain. Mawu ena amathandizanso: gauge, skip ndi kalembedwe ka color n'za ku America, pomwe tension, miss ndi colour n'za ku Britain. Zonsezi zikasowa, aone matcheni oyambira mzere. Mzere wa dc ukayamba ndi 3 ch, dc imeneyo ndi yaitali, ya ku America. Ukayamba ndi 1 ch, ndi yaifupi. Alembe UK kapena US ndi cholembera chofiira pamwamba pa pepala. M'kalasi sankhani mtundu umodzi, ndipo popeza mwayamba kale ndi wa ku Britain pitirizani nawo mpaka aukhazikike, winawo ubwere pambuyo. Kuphunzitsa iwiri tsiku limodzi n'kuwasokoneza dala. Amene amagwira ntchito m'nyumba za olankhula Afrikaans adzapatsidwa magazini akale okhala ndi ks, kb ndi lb. Asadabwe: ks ndi tcheni, kb ndi yaifupi ija, lb ndi treble.

Chipewa chija muchiitanitse, chidzakuuzani chokha chomwe chinalakwika. Ngati pamwamba pake pachita mafunde, osagona pansi, ndipo chonse n'chachifupi kwambiri, ndiye kuti ndi mayina aja. Bwalo la masitichi aatali limayamba ndi 12 n'kumawonjezera 12 pa raundi iliyonse: 12, 24, 36, 48. La masitichi aafupi limayamba ndi 6 n'kumawonjezera 6: 6, 12, 18, 24, 30. Ukaika sitichi yaifupi pa manambala a yaitali, masitichi amachuluka kuposa malo, ndiye mafundewo. Koma ngati maonekedwe ali bwinobwino, kungoti n'chaching'ono ndiponso cholimba ngati dengu, vuto ndi wulu, singano kapena dzanja. Ndibwererako kumapeto.

Loweruka lachiwiri likhale la matcheni okwerera, chifukwa apa ndi pomwe zoluka za oyamba zimapotokera. Sitichi iliyonse ili ndi msinkhu wake: dc ikwera ndi tcheni chimodzi, htr ndi awiri, tr (treble) ndi atatu, dtr (double treble) ndi anayi. Funso lomwe wophunzira azifunsa pepala nthawi zonse ndi ili: kodi matcheni amenewa akuwerengedwa ngati sitichi? Pa mzere wa dc kawirikawiri sawerengedwa, ndipo ulowa m'sitichi yoyamba yomweyo. Pa treble kawirikawiri amawerengedwa, patani imalemba "counts as 1 tr". Zikatero pali malamulo awiri. Poyamba mzere sulowa m'sitichi yomwe ili pansi pa matcheni atatuwo, umaidumpha, chifukwa matcheniwo aimirira kale m'malo mwake. Pomaliza mzere, sitichi yotsiriza ilowa pamwamba pa matcheni atatu a mzere wapansi. Woiwala lachiwiri amataya sitichi imodzi pa mzere uliwonse, moti akayamba ndi 15, pofika mzere wa 6 atsala ndi 10, nsalu ikusongoka ngati samusa. Woiwala loyamba amawonjezera imodzi pa mzere uliwonse, nsalu n'kumatambasuka. Wochita zolakwa zonse ziwiri nambala imamukwanira, koma m'mphepete mumapendama.

Mankhwala ake ndi otchipa. Akangoluka matcheni atatuwo, akolowekepo pini kapena kachidutswa ka wulu wa mtundu wina pa tcheni chachitatu. Akamabwerera adzachipeza chikudikira. Aluke matcheni 17, treble yoyamba m'tcheni chachinayi, awerenge: matreble 14 kuphatikiza matcheni atatu aja, 15. Apitirize mizere isanu ndi itatu, ndipo pa mapeto a mzere uliwonse awerenge mokweza asanatembenuze.

Kuwerengako musakutenge ngati kanthu kapadera. Nambala imene ili kumapeto kwa mzere ndi mphunzitsi amene amatsala nawo inu mukachoka. Mayi amene ali yekha m'kachipinda kake ku Turffontein usiku wa Lachitatu alibe womufunsa, koma akawerenga n'kupeza 24 pomwe pepala likuti 24, akudziwa kuti ali panjira. Akapeza 23, amasula mzere umodzi wokha, osati ntchito ya sabata yonse. Awerenge timitu ta masitichi tooneka ngati V pamwamba, ndipo pa treble angathenso kuwerenga miyendo yake.

Kenaka kanyenyezi ndi mabulaketi. Apa khalanipo, ngakhale Loweruka awiri, chifukwa munthu akadutsa apa wadutsa zonse. Musanafike pa kanyenyezi penipeni, alekanitse mawu awiri ofanana kwambiri awa: "2 dc in next st" ndi "1 dc in next 2 sts". Oyambawo akuti masitichi awiri alowe pa bowo limodzi, kumeneko n'kuwonjezera. Achiwiriwo akuti sitichi imodzi apa, ina potsatira, palibe chowonjezera. Manambala ndi omwewo, 1 ndi 2, angosinthana malo. Lembani onse awiri pa katoni, aluke uku ndi uku, ayerekeze.

Ndiye muwapatse mzere uwu, pa bwalo lomwe lili ndi masitichi 18 (Rnd ndi chidule cha raundi):

Rnd 4: *2 dc in next st, 1 dc in next 2 sts, rep from * to end. 24 sts.

Kanyenyezi ndi chizindikiro cha pobwerera. Uluka kuchoka pa kanyenyezi kufika pomwe alemba rep, kutanthauza bwereza, ubwerera pa kanyenyezi, uyambanso. Asinthe zimenezi kukhala kanyimbo ka pakamwa: awiri pamodzi, imodzi, imodzi, awiri pamodzi, imodzi, imodzi. Amayi athu kuimba mobwereza sikuwavuta, ndipo dzanja limatsata pakamwa. Aonetseninso masamu ake, ndi ochepa: ulendo uliwonse ukudya masitichi atatu a pansi n'kubala anayi. Atatu kasanu n'kamodzi ndi 18, anayi kasanu n'kamodzi ndi 24. Ndiye kuti abwereza ka 6. Aike nyemba 6 kapena zitsekerero za mabotolo patebulo, akamaliza ulendo asunthe imodzi. Nyemba zikatha koma bwalo lisanathe, kapena bwalo likatha nyemba zikadalipo, pali polakwika, ndipo azindikira msanga.

Chenjerani ndi liwu loti more. "Rep from * 5 times more" ndi maulendo 6 onse pamodzi, chifukwa woyamba waluka kale. Koma zikakhala m'mabulaketi n'kulemba "6 times" kumbuyo kwake, maulendo ndi 6 omwewo, osati 7. Kaliwu kamodzi kameneka kamasulitsa anthu mabulangete.

Mabulaketi ali ndi ntchito zina ziwiri. Ina ndi kusonkhanitsa zinthu zolowa malo amodzi, monga pa kona ya granny square, kachigamba ka makona anayi kolukidwa kuchokera pakati, pomwe amalemba (3 tr, 2 ch, 3 tr) in next ch-sp, kutanthauza kuti zonsezo zilowe pa mpata umodzi, pansi pa matcheni, osati m'kati mwa tcheni. Ina ndi ya masaizi, monga 60 (66, 72), pomwe yoyamba ndi saizi yaing'ono. Asanayambe, wophunzira azunguliza ndi cholembera nambala ya saizi yake m'patani yonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Akapanda kutero adzaluka kumbuyo kwa juzi ya mwana wa chaka chimodzi ndi kutsogolo kwa wa zaka zitatu.

Granny square ndi mayeso abwino a zonsezi, chifukwa muli bwalo, kanyenyezi, mipata ndi kutseka raundi, ndipo imatha pa ola limodzi. Raundi yoyamba ikhale ndi magulu anayi a matreble atatuatatu, 12 onse, yachiwiri 24, yachitatu 36, makona anayi nthawi zonse. Akapeza makona asanu, kawirikawiri amakhala atawerenga molakwa "twice more", kapena aluka gulu lina pa slip stitch yotsekera.

Kwa amene Chingerezi chimawaopsadi, tchati cha zizindikiro chingakhale khomo lapafupi, ndipo ine ndingachibweretse pamodzi ndi granny square yomweyo. Kadzira kopanda kanthu m'kati ndi tcheni. Kadontho kakuda ndi slip stitch. Mtanda kapena x ndi sitichi yaifupi. T wosadulidwa ndi half treble, T wodulidwa kamodzi pa mwendo ndi treble, wodulidwa kawiri ndi double treble. Timizere todula mwendoto tikuuza kuti ukulunge wulu kangati pa singano usanalowe. Ubwino wake ndi woti tchati sichisamala za Britain kapena America, ndipo cha ku Japan kapena ku Russia chiwerengeka chimodzimodzi. Mizere imayambira pansi, woyamba kuchoka kumanja kupita kumanzere, wachiwiri kubwerera. Bwalo limayambira pakati n'kuzungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi. Wamanzere atembenuze zonsezi, ndipo kuika kalilole pambali pa tchati kumamuthandiza. Ikani granny square yolukidwa kale pamwamba pa tchati chake, aloze ndi chala sitichi iyi pa nsalu ndi chizindikiro chake papepala.

Tsopano za inu mwini, amayi, ndipo mundikhululukire kuti ndinena mosabisa. Chimene chimachedwetsa kalasi ngati yanu kawirikawiri ndi chifundo cha mphunzitsi. Wophunzira akaima, mtima umafuna kumulanda singano n'kumulukira masitichi atatu kuti aone. Akaona amatsanzira, ndipo pepala latayika pomwepo. Pa ola la patani manja anu akhale pa miyendo. Wina akafunsa, yankhani ndi funso: pepala likuti chiyani? Awerenge mokweza kufika pa mpatuliro woyamba, anene m'Chichewa, achite chokhacho, ndiye apite pa mpatuliro wotsatira. Mpatuliro uliwonse ndi ntchito imodzi. Akhazikeni awiriawiri, wina awerenge ndi kumasulira, mnzake aluke, akatha mzere asinthane. Popeza ali asanu ndi awiri, wotsalayo akhale wowerengera anzake masitichi, ndipo udindowo uzizungulira. Kalasi idzaoneka ngati yabwerera m'mbuyo kwa masabata awiri kapena atatu, ena adzadandaula kuti kale tinkathamanga. Musagonje.

Pepala liposa foni pa nthawi yophunzira. Foni imazima, zilembo n'zazing'ono, ndipo sungalembepo. Sindikizani ndi zilembo zikuluzikulu, mzere uliwonse wa patani pawokha, ndi mpata wochongapo akamaliza. Rula kapena envelopu ibise mizere yomwe sanafikepo. Kanema wa pa YouTube ndi wabwino poona momwe sitichi yatsopano imalukidwira, koma wotsata kanema kuyambira poyamba mpaka pomaliza akadali woonera manja a wina, angosintha mphunzitsi. Patani iliyonse yomwe mukabweretse m'kalasi muiluke kaye nokha, chifukwa zaulere za pa intaneti zina zili ndi zolakwika, ndipo masiku ano ziliponso zina zomwe chithunzi chake chinapangidwa ndi kompyuta, palibe munthu anachilukapo. Woyamba akakumana ndi patani yolakwika amadziimba yekha mlandu n'kusiya. Zogula musazichite fotokope kugawira gulu, ndi thukuta la mnzanu woluka; za m'kalasi lembani zanu.

Tibwerere ku chipewa. Ngati mayina sanali vuto, onani ndime ya pamwamba pa patani, imene aliyense amaidumpha. Ya ku America nthawi zambiri imafuna wulu wa worsted ndi singano ya H-8, yomwe ndi 5mm, pomwe G-6 ndi 4mm. Worsted ndi wonenepa kuposa DK amene wadzaza m'mashopu athu ku Fordsburg ndi m'tauni. Wofanana ndi worsted ndi wulu wotchedwa aran. Woluka patani ya worsted ndi DK pa singano ya 4mm atulutsa chinthu chaching'ono ngakhale atawerenga liwu lililonse molondola. Aphunzire kuwerenganso kapepala kokulunga wulu: kunenepa kwake, magalamu, mamita, singano yoyenera, ndi nambala ya utoto, kuti akamagula wa bulangete agule wa nambala imodzi nthawi imodzi. Patani ikatchula mayadi, mayadi 100 ndi mamita 91, ndipo mainchi 4 ndi pafupifupi masentimita 10.

Chomaliza ndi dzanja. Patani ikati masitichi 14 pa 10cm, aluke kachigamba koyesera ka pafupifupi 15cm mbali zonse, akagoneke patebulo osakakoka, ayeze 10cm pakati pake ndi tepi, awerenge. Tinene kuti wapeza 16. Kusiyana kwa awiri kumaoneka kochepa, koma chipewa cha masitichi 70 chomwe chimayenera kuzungulira 50cm chidzatuluka 44cm osakwana, chosalowa m'mutu wa munthu wamkulu. Masitichi akachuluka, dzanja likumanga, atenge singano yokulirapo ndi theka la milimita kapena imodzi. Akachepa, atenge yocheperapo. Musamuuze kuti alekerere dzanja, adzalekerera mizere itatu n'kubwerera ku chizolowezi chake, sinthani singano.

Mayi uja amasule chipewacho, wulu ndi womwewo, ndipo ayambenso ndi tepi pambali. Ayeze mutu wa wovala, achotsepo 3cm kapena 4cm poti choluka chimatamuka, agawe ndi 3.14. Mutu wa 56cm ufuna chipewa cha 52cm, ndiye bwalo la pamwamba likule kufika 16.5cm kudutsa pakati asanasiye kuwonjezera. Patani ikanena kuti siyani kuwonjezera pa raundi ya 6 koma tepi ikuonetsa 13cm, aime, asapitirire, abwere nacho kwa inu Loweruka pamodzi ndi pepalalo kuti mudzaone limodzi ngati n'kusintha singano kapena kuwonjezera raundi. Akayamba mu Epulo, pofika chisanu cha Juni adzakhala atavala.